Mpira wa Masokosi

Okondedwa akulu anga,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ana kumeneko. Kuno tiliko ndithu.

Tiana ta m'kalasi mwanga tija tayamba kuyankhula tsopano. Ndinatisokera mpira ndi masokosi akale a alamu anu, poti eni akewo sanawatenge pochoka. Timakhala mozungulira n'kumaponyerana, ndipo amene wauwakha amayankha funso.

Dzulo funso linali lakuti, "Kunyumba umadya ndi ndani?" Ena anati amayi, ena abambo, wina mpaka anatchula mphaka. Kenaka kamtsikana kena kamanyazi kanaponyera ine n'kufunsa kuti, "Nanga inu aphunzitsi?"

Ndinangoufumbata mpirawo mpaka belu linalira.

Mukapeza mpata mudzabwere, akulu. Masiku ano ndimatsuka mbale imodzi. Amayi musawauze kaye.

Ndine mng'ono wanu.