Ulusi Pachitseko

Lachiwiri, 4 Okutobala

Achemwali ayimba foni. Koyamba chiikireni maliro a amayi. Akuti Loweruka tikakwere sitima ija yodutsa m'mapiri, kupita m'mawa, kubwera madzulo. "Ukapitidweko mphepo, wachita nkhungu m'nyumbamo." Matikiti agula kale. Achemwali omwewa? Chawo sichibwera chopanda chingwe.

Lachinayi, 6 Okutobala

Ayimbanso. Za nthawi, za zovala, kenako mongodutsa: kiyi wapadera akadali pansi pa mphika wa maluwa? Ndavomera. Pakamwa patsogola, nzeru m'mbuyo.

Pamaliro paja alamu, amuna a achemwali, adanena kuti nyumba ngati ino ogula sangasowe. Ndiye ine kulibe tsiku lathunthu, kiyi ali panja. Amayi ndidawadwazika ndekha muno zaka zitatu. Ndikalowera kuti?

Mwina ndikungoganiza mopyola. Amayi ankati sukulu idandiphunzitsa kukayikira ndi madzi akumwa omwe.

Kiyi sindichotsa, ndikufuna ndidziwe. Pochoka ndidzamanga ulusi wakuda m'munsi mwa chitseko.

Loweruka, 8 Okutobala

Mpando wapawindo anandisiyira ine. Minda, ng'ombe pamthunzi, ana kuthamanga kupikisana ndi sitima. Mlatho wautali, mtsinje pansi penipeni ngati chingwe cha nsapato. Kukongola ndithu. Ndinayesa kusangalala, osatheka.

Iwo maso pafoni. Magalasi akuda osavula, ngakhale pomwe sitima inalowa m'phanga la phiri, mdima bii. Chamasana uthenga unalowa. Anapumira m'mwamba nkundigwira dzanja. "Nyumba ija yakukulira wekha, mng'ono wanga." Mumtima ndinati basi, ogula ayikonda. Dzanja langa ndinalichotsa, ngati ndikufuna botolo la madzi.

Pofika, ulusi woduka. Kiyi pamalo pake, koma mphika autembenuza.

Lamlungu, 9 Okutobala

Ndazungulira ponse. Palibe chasowa, palibe chasuntha. Kuchipinda kwa amayi kokha sindinalowe. Sindilowako chimwalirireni.

Ndalembera achemwali uthenga waukali, ndafufuta. Kanayi.

Lolemba, 10 Okutobala

Ndalowa.

Masutikesi awiri kuseri kwa bedi. Makina osokera a achemwali, atakulungidwa m'bulangete. Pamwamba kapepala, dzanja la mlongo wathu wotsiriza, ndiye anabweretsa katunduyu: "Achemwali akuti akuuza okha akapeza mphamvu. Akungodikira mpata woti atuluke m'banjamo. Alamu asadziwe."

Magalasi aja. Malaya a manja aatali, kutentha konse kuja. Mmene anadzidzimukira wofunsa matikiti atawakhudza paphewa.

Tsiku lathunthu tinakhala moyang'anana, ine ndikuwerenga ogula m'mutu. Maphunziro onsewa, osatha kuwerenga nkhope ya mkulu wanga. Ndi dzanja ndinawakaniza.

Ndatsegula mawindo, ndayala bedi la amayi. Kiyi ndamuchotsa pansi pa mphika, alamu amapadziwa.

Foni ya achemwali ikuitana, sakuyankha. Kachitatu tsopano. Nsapato ndavala kale. Ndiyesenso kamodzi, apo ayi ndipita komweko.