Chipinda Chakumbuyo ku Bolton

Lolemba, 3 Febuluwale

Liverpool, mvula. Ku labu palibe chatsopano. Chaka chachitatu ndikuika maselo pakati pa mawaya a maginito kuti ndione ngati DNA iwonongeka. Maselo ali phee, akungonenepa. Ine ndiye ndikutha.

Achemwali anga a Edwina aimba kuchokera ku Bolton. Akuti mnzawo wa kutchalitchi ali ndi thiransifoma kuseri kwa nyumba, kodi siwononga magazi? Mnzawo uti? Thiransifomayo ili kuseri kwa chipinda chawo chomwe, ndimaidziwa. Ndawayankha kuti umboni ndi wochepa, koma asayansi sitinganene motsimikiza.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Aimbanso. Katatu! Ndili m'magolovesi. Funso lomwelo. Alamu a Gibson nawo anditumizira vidiyo ya mzungu wina wovala chipewa cha foyilo, ati kudziteteza ku mphamvu ya magetsi. Anthu awa andiyesa sing'anga kodi? Ndabwereza: sitinganene motsimikiza. A Edwina akuti, "Sukulu yonseyo, Ipyana, eya kapena ayi akukukanika?" Zandiwawa. Ndadula foni.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Zotsatira zatuluka. Mphamvu ya m'makina anga imaposa kutalitali ya kuseri kwa khoma lawo, koma DNA ili bwinobwino. Supavaiza akuti tibwerezenso. Kubwereza, kubwereza, mpaka imvi.

Ku Bolton zii. Bola, ndipumeko.

Loweruka, 8 Malichi

Ndapita osawauza. Mayo ine. Matiresi ali pansi pabalaza, pafupi ndi chitseko pomwe pamalowa mphepo. A Edwina agona pamenepo mwezi wathunthu, pochokera ku shifiti yonyamula nkhalamba. Miyendo yotupa. Juzi lalikulu la alamu silikubisanso kanthu.

Miyezi isanu! Osandiuza ine, mng'ono wawo. Paja kwathu pathupi salengeza, ndikudziwa, koma nanga ine ndikanalota?

Alamu andikokera kukhitchini. Akuti kawiri konse mimba inapita padera, m'chipinda chakumbuyo chomwecho. Sindinkadziwa. Kusamuka sangathe, lendi ya kwina ndi moto. Ndiye nditati sitinganene motsimikiza, iwo anamva kuti thawani.

Ndinayamba kufotokoza za maselo. A Edwina anandidula. "Za maselo usiye. Ukanakhala iwe, ukanagonamo?"

Ndinati eya.

Lamulungu, 9 Malichi

M'sitima. Matiresi tinakweza dzulo kuchipinda chakumbuyo ine ndi alamu, masitepe opapatiza aja, tikukangana njira yonse. A Edwina lero adzuka mochedwa, akuti msana wasiya kupweteka. Anandipakira mandasi, akuseka.

Ndikudziwa kuti ndinanena zoona. Manambala ali mbali yanga. Koma manambala sadzaimbiridwa foni. Yatsala miyezi inayi, ndipo akugona m'chipinda chija chifukwa cha mawu anga.

Foni yalira pa Wigan, ndinaitulutsa msangamsanga poganiza kuti ndi ku Bolton. Anali supavaiza.