Bambo akumazimitsa okha lamya yawo

Aphungu,

Bambo anga ndi okalamba ndipo amakhala okha m'nyumba yomwe tinakuliramo. Maso awo anachita khungu pang'ono, foni ya m'manja inawakanika. Koma pa lamya ya pabalaza, zala zawo zimapeza zokha nambala yanga.

Mwezi watha a kampani ya lamya anachotsa nthambo zakale pamapolo. Anati mawu aziyenda pa intaneti tsopano, natisiyira kabokosi ka timagetsi tobiriwira, kolumikiza ku soketi ya pakhoma. Lamya yakale inkalira ngakhale magetsi atathima. Iyi ayi, kabokosi kakazima, nayonso yafa.

Malemu mayi anali ndi chizolowezi chozungulira nyumba yonse kuzimitsa masoketi asanagone, poopa moto. Chimwalirireni mayi, bambo ndi amene amachita zimenezi, akupapasa khoma. Ndawapempha kangapo kuti soketi ya kabokosiyo aziisiya. Amandiyankha kuti, "Iwe mwana, amako sanagonepo kanthu kakuphethira m'nyumba muno. Ndiyambe ine?" Kukacha amaiwala kuyatsa.

Sabata yatha anaterereka kubafa, anakwawa mpaka pa lamya, koma inali zii. Anawapeza masana ndi mayi a nyumba yoyandikana nawo. Achimwene akuti basi, tiwatenge, nyumba tikiye. Bambo akuti, "Muno mudzanditulutsa ndi nyimbo za maliro." Kodi tiwasamutse mokakamiza?

E.N.

*

Zikomo a E.N.,

Musawazule bambo anu m'nyumba mwawo chifukwa cha swichi imodzi. Nanenso ndinakulira pambali pa lamya yotere, ndipo sitinkadziwa kuti mphamvu yake inkabwera m'nthambo momwemo, kuchokera ku kampani. Yatsopanoyi imadya magetsi a m'nyumba. Bambo anu sanalakwe, chasintha ndi lamya.

Lekani kukangana nawo za kuzimitsa. Akamapapasa khomalo amakhala akutsazikana ndi mayi anu, ndipo pamenepo simungawapose. Itanani mmisiri wa magetsi alumikize kabokosiko pamalo opanda swichi, pamwamba pomwe dzanja silifika. Masoketi enawo asiyeni azizimitsa monga kale. Timagetsi tophethira timene tikuwasowetsa tulo, mmisiriyo atiphimbe.

Koma musachite mobisa. Khalani nawo pansi, muwauze kuti, "Ababa, kabokosi kamodzi aka kazikhala maso m'malo mwa ine." Munthu wamkulu amavomera akapemphedwa, amakana akapusitsidwa.

Kenako pitani ku kampaniko mukanene kuti pa nambalayi pali nkhalamba yosaona bwino yokhala yokha. Funsani za batire yosungira kabokosiko magetsi akathima. Akakhala alibe, gulani nokha. Onetsetsani kuti bambo akugwiritsabe ntchito lamya yawo yakale ija, yomwe zala zinazolowera, itangolumikizidwa ku kabokosiko. Mayi oyandikana nawo aja apatseni kiyi, ndipo mugwirizane kuti mukaimba m'mawa osayankhidwa, iwo azikagogoda.

Chenjezo langa ndi ili. Batire imatha, ndipo magetsi akathima tsiku lonse lamyayo idzakhalanso zii. Komanso nyumba imene munthu wagwamo kamodzi imafuna kuyang'anitsitsa. Bambo akadzagwanso, kapena akadzayamba kuiwala mbaula ili chiyakire, nkhani sidzakhalanso ya lamya. Pamenepo achimwene anu adzakhala akunena zoona, ndipo wokawauza bambo maso ndi maso mudzakhala inuyo, amene nambala yanu amaidziwa pamtima.