Mphika Wamwala Ndaubweza

Sheffield,
Okutobala

Okondedwa Amayi,

Mtendere ukhale nanu, Amayi, ndi onse a m'nyumba mwathu ku Aden. Kodi muli bwanji? Chifuwa chija chinatha? Amalume Fadhl akuti magetsi akumathima usana wonse ndipo kutentha kwa chaka chino kwakufooketsani. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi musamadumphitse. Ndimakudziwani, mukangomva bwino pang'ono mumawaponya pamwamba pa kabati. Ife kuno m'thupi tili bwino. Mdzukulu wanu Lujain wakwanitsa zaka ziwiri, pakamwa sipatsekeka, ndipo chilichonse chimene waona akuti n'chake.

Ndikudziwa kuti mwadabwa kuona mphika wanu wamwala wabwerera, kalata ili m'kati. Werengani mpaka kumapeto, mumva chifukwa chake. Pa foni sindikanatha kunena. Apongozi anga, amake Waddah, amati makutu awo anagontha, koma ndikangoyamba kunong'ona amatulukira ndi kapu m'manja, ati akufuna madzi.

Za kuno n'zomwe zija. Kuzizira kwayamba, dzuwa likungosuzumira n'kubwerera. Sitolo ya Ahmadi wa nsomba inatsekedwa, moti tsopano tikugula zouma ndi chisanu zopanda kukoma. Koma nkhani imene yandilembetsa ndi ya ntchito yanga.

Mukukumbukira kuti ndinapeza malo ku famase, sitolo ya mankhwala ya Bambo Staniforth, kumtunda kwa msewu wathu, ndipo ndimayenera kuyamba mu Seputembala. Kuno makolo onse awiri akakhala pantchito, boma limamulipirira mwana maola a kusukulu ya mkaka. Koma umayenera kupempha nambala yake Ogasiti asanathe. Ukaphonya, basi, udikire Januwale. Samva zoti mwana anadwala kapena kunali maliro. Kulipira wekha n'kosatheka, malipiro anga onse angathere pomwepo n'kuperewerabe.

Za boma zonse m'nyumba muno zimayenda pa foni ya Waddah, ndiye ndinamusiyira. Ndinamukumbutsa mpaka ndinayamba kudzinyansa ndekha. Tsiku lina anaika supuni pansi n'kunena kuti, "Iwe Tahani, kodi ukundiyesa mwana? Zimenezo zinatheka kalekale. Tandisiya ndidye." Ndinamukhulupirira. Ndinagula kachikwama kofiira ka Lujain, ndinasita malaya anga oyera a kuntchito n'kuwapachika kuseri kwa chitseko.

M'mawa wa tsiku loyamba tinapita, mwana ali ndi kachikwama kumsana. Mayi Ackroyd, amene amayang'anira sukuluyo, anatilandira bwino, kenako anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali. Anati nambala yathu palibe. Ndinati mwamuna wanga anapempha kale. Anandiyang'ana ndi chisoni chimene sindinachikonde, n'kunena kuti, "Amake Lujain, si inu oyamba. Kamufunseni bwinobwino mwamuna wanuyo." Anati malo a mwana angawasunge mpaka Januwale, koma za boma alibe nazo mphamvu. Nthawi imeneyo n'kuti Lujain atakhala kale pansi ndi ana anzake. Pomutulutsa analira msewu wonse, ine ndikumukoka ngati ndamuba.

Tsopano mverani apa, Amayi. Titafika kunyumba ndinapeza apongozi atanyika mpunga wa nkhomaliro. Waddah masana sadyera kunyumba, ine ndimayenera kukhala kuntchito, Lujain kusukulu. Koma mpungawo unali wa anthu atatu. Sanafunse n'komwe kuti chachitika n'chiyani. Anangoti, "Mwabwerako? Vula nsapato mwana wanga, undidulire anyezi, maso angawa sakufuna." Ndinadula anyeziwo, ndipo anandithandiza chifukwa misozi inapeza chonamizira.

Madzulo ndinamufunsa Waddah. Anati makina a boma anavuta tsiku limene ankapempha. Mawa lake anati ayi, iye ankayesa kuti tsiku lomaliza ndi kumapeto kwa Seputembala. Amayi, munthu ameneyu amayendetsa basi. Moyo wake wonse ndi wotchi. Tsiku lokayezetsa galimoto yake amalidziwa miyezi isanakwane, mpira ukamayamba amakhala atakhala kale pampando. Angasokoneze Ogasiti ndi Seputembala? Nditamuuza zimenezi anaseka, ati ndayamba upolisi, akandigulira chipewa chake. Koma ankaseka akuyang'ana khoma.

Ndinayesa njira ina. Ndinapempha apongozi kuti azikhala ndi mwana masana mpaka Januwale. Anagwira mawondo n'kubuula. Ati iwo sangathamangitsane ndi kamwana kothamanga ngati mbuzi, mwana amafuna mayi ake, ndipo kwawo sanaonepo mkazi wosiya mwana wa zaka ziwiri kwa alendo kuti akawerengere anthu ena mapiritsi. Mawondo omwewo Loweruka lililonse amakwera zitunda za tauni ino kukafuna tomato wotsika mtengo, ine wachitsikana ndikupuma wefuwefu kumbuyo.

Bambo Staniforth ndi munthu wabwino, koma famase si nyumba ya chifundo. Anandiuza kuti malo anga awasunga mpaka mwezi uno uthe, kupitirira apo alemba wina. Ndipo ndikataya ntchitoyi, nambala ya Januwale ija nayonso yapita, chifukwa boma sililipirira mwana wa mayi wokhala pakhomo. Mukuona mmene msamphawu anautcherera? Wophonya kamodzi amakhala pansi mpaka kalekale.

Mpaka pamenepa ndinkakayikira anthu awiri, Waddah ndi mayi ake. Zinkandipweteka, koma ndinkati n'za m'banja, ndidzauza Amayi andilangize. Kenako amalume Fadhl anafika kudzationa, atazungulira kaye kwa ana awo ku Birmingham ndi ku Liverpool monga amachitira. Anatulutsa uchi, khofi ndi zofukiza zimene munatipatsira, zikomo kwambiri. Pomaliza anatulutsa chinthu chokulunga m'chitenje chanu chobiriwira, akudandaula kuti chawathyola msana ndipo pabwalo la ndege anawatsegulitsa sutikesi, apolisi akuyesa kuti anyamula bomba.

Nditamasula ndinapeza mphika wamwala wa agogo, wophikira fahsa, nyama ya msuzi ija. Ndinangouyang'anitsitsa. Amalume, amene pakamwa pawo sipakhala chitseko, anati, "Nanga wadabwa chiyani? Mayi ako anati chaka chino uli pakhomo, upeza nthawi yokhala pafupi ndi moto. Ati uziphikira apongozi ako nyama yofewa, mano alibe." Apongozi anatsokomola mwadzidzidzi, n'kuyamba kufunsa amalume za mtengo wa nkhosa kumudzi.

Ndinadikira mpaka pamene ndinkawaperekeza pakhomo. Ndinafunsa kuti ku Aden ananyamuka liti. Anati pakati pa Ogasiti, ndipo mphikawo munawapatsa sabata imene ankalongedza. Amayi, pakati pa Ogasiti tsiku lomaliza linali lisanafike. Ine ndinali ndikusita malaya oyera. Palibe munthu padziko amene akanadziwa kuti chaka chino ndikhala pakhomo, kupatula amene anakonza kuti ndikhale.

Mphika umenewu ndimaudziwa. Ndikukwatiwa ndinakupemphani, inu munakana pamaso pa azakhali onse. Munati mphika wamwala sufulumira, umafuna mkazi woulondera tsiku lonse, ndipo inu simunakangane ndi Ababa chaka chathunthu kuti ndipite ku koleji n'cholinga choti ndikalondere mphika. Azakhali Nuriya anakwiya, ati mukundiphunzitsa mwano. Ine tsiku limenelo ndinanyada kuti ndine mwana wanu. Mawu amenewo ndi amene ndinkadzilimbitsa nawo pamene ndinkaphunziranso zonse m'Chingerezi kuno, mwana ali pamwendo.

Kuyambira tsiku limene amalume anabwera, zinthu zikungondibwerera m'mutu. Pa Idi ya nkhosa tinakuimbirani, ndipo titapatsana moni apongozi anatenga foni, ati akufuna kucheza ndi mnzawo. Analowa nayo kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndinasangalala, ndinkati amayi awiri akugwirizana. Atatuluka anandisisita patsaya, chinthu chimene sanachitepo. Kuyambira pamenepo inu munasiya kundifunsa za famase. Ndikayamba nkhaniyo mumati mawu akudukaduka, kapena mumafunsa kuti Lujain adzakhala ndi mng'ono wake liti.

Ndikudziwa mmene zimayendera kwathu. Nkhani ya m'nyumba ya ana amaimaliza ndi amayi awiri, kenako mwamuna amauzidwa chochita, mkazi amangoona zitachitika, ndipo aliyense amati anachitira ubwino wake. Ndinazionera kwa Samira wa azakhali Nuriya pamene anamusiyitsa uphunzitsi. Inu nomwe munati zimenezo n'zankhanza. Sindinaganizepo kuti mwambowu ungakwere ndege n'kudzandipeza kuno.

Mwina anakuopsezani. Mwina anati banja likugwedezeka, Waddah watopa, kuli atsikana ambiri kumudzi amene angasangalale kukhala pakhomo ku Ulaya. Ndikudziwa kuti mwana wobwezedwa kubanja mumamuopa kuposa imfa. Ngati zinali choncho mukanandiuza, Amayi. Ndikanakwiya, ndikanalira, koma ndikanamva kuchokera kwa inu, osati kwa amalume ali pakhomo akumanga nsapato. Mwinanso ndikukunamizirani. Masiku ano ndikukayikira aliyense, ngakhale wobweretsa makalata ndikumuyang'ana kawiri, ndipo sindikudzikonda ndikakhala chonchi.

Zimene ndachita ndi izi. Nambala ya Januwale ndapempha ndekha, pa foni yanga, Mayi Ackroyd atakhala pambali panga. Kwa Bambo Staniforth ndapempha kuti mpaka nthawi imeneyo ndizigwira Loweruka ndi Lamlungu, masiku amene Waddah sayendetsa basi, ndipo avomera kuti tiyese. Waddah nditamuuza anati ndiye mwana akhala ndi ndani. Ndinati akhala ndi bambo ake, amene anasokoneza miyezi. Anati, "Ndiye anzanga akandione ndikukankha kangolo ka mwana mu paki ngati mzungu?" Ndinati akakuona awapatse moni. Sanandiyankhule masiku angapo, apongozi nawo akudya kuchipinda. Sindikudziwa kuti zithera pati. M'nyumba muno mwazizira kuposa panja, ndipo ndikuopa, sindikubisirani. Koma Loweruka likubwerali malaya oyera aja ndivala.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikufuna uchi, sindikufuna malangizo a kupirira. Ndikufuna mundiuze ngati munadziwa. Ndipo popeza ndikudziwa kuti pa foni mawu adzayambanso kudukaduka, ndakupeputsirani. Ngati simunadziwe kanthu, ngati amalume anangosokoneza mawu anu, mphikawu muutumizenso ndi aliyense wobwera kuno. Ndidzaulandira ndi manja awiri, ndidzaphikamo Lachisanu, ndipo ndidzakupepesani mpaka mudzatope nane. Koma ngati munakhala nawo pa upo umenewu, musavutike kulemba. Ingousungani, ndidzamva.

Mundiperekere moni kwa Ababa, muwauze kuti jekete lawo ndawapatsira amalume. Za m'kalata muno musawauze, mtima wawo suli bwino. Moni kwa achimwene Nabil ndi alamu anga, kwa mng'ono wanga Ghada, amene ndikumva kuti akulimbikira sukulu, ndi kwa azakhali Nuriya ndi ana awo onse. Samira mumupatse moni wapadera. Lujain akupsompsona dzanja lanu. Kachikwama kofiira kaja amagona nako, ndipo m'mawa uliwonse amakavala n'kukaima pakhomo.

Amalume adandaulanso za msana wawo, muwapepesere. Mphikawo ndaukulunga m'chitenje chomwe chija, sindinaphikemo ngakhale kamodzi. Ukatsala kwanu, chonde musadzausungire Lujain.

Mulungu akusungeni ndi kukupatsani moyo wautali.

Ndine mwana wanu amene munamutumiza kusukulu,
Tahani