Ndingafuulire bwanji amalume anga m'bwalo?

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 19, ndimakhala ku Golomoti ndipo ndine goloboyi wa timu ya kwathu kuno. Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi pakamwa sindingaithe. Kwatsala masabata awiri kuti ndikayesedwe ku timu ina ya mu ligi yaikulu ku Lilongwe, koma mmene zililimu ndikuganiza zongosiya.

Bambo anga anamwalira ndili Sitandade 2. Amene anandilera ndi amalume anga, a Fabiano, mlongo wawo wa amayi. Pakhomo pawo mwana salankhula akulu ali pomwepo. Akakuitana umavomera, n'kukanjuta chapatali, maso pansi. Sanandimenyepo, koma ndinakula ndikudziwa kuti kukweza mawu kwa wamkulu ndi mwano. Ndi iwo omwenso anandiphunzitsa kugwira mpira, kuyambira wachikulunga. Tsono amalumewo, ngakhale ali ndi zaka 36, akusewerabe. Amatchinga kumbuyo, patsogolo panga penipeni.

Mwezi watha tinali pa ndime yomaliza ya chikho cha kudera kuno, tikulimbana ndi anyamata a ku Mtakataka. Anthu anadzaza bwalo, ena anachita kukwera pangolo kuti aone. Tinkatsogola ndi chigoli chimodzi, kutatsala mphindi zinayi, pamene anzathuwo anapeza kona. Mpira unabwera m'mwamba ndipo ndinauona bwinobwino kuti ndi wanga. Ndinaonanso amalume akubwerera chafutambuyo, maso ali kumpira, osandiona ine. Ndinayenera kufuula kuti ausiye. Aphungu, pakamwa ndinatsegula koma mawu sanatuluke. Ndikanawaitana kuti chiyani? Dzina lawo sindinalitchulepo chibadwire. Ndinangodumpha. Bondo langa linawapeza paphewa, iwo anagwa chagada, mpira unandipulumuka, mdani n'kungoukankhira muukonde. Pamapenate ndinagwira imodzi, komabe tinagonja.

Amalume anawatengera kuchipatala ku Mua pa njinga yamoto. Fupa lapaphewa linathyoka. Chaka chino sagwira khasu, ndipo mvula ili pafupi.

Tsiku lomwelo pabwalopo panali bambo wina wofufuza osewera, wochokera ku timu ya ku Lilongwe ija. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti, "Manja uli nawo, maso uli nawo, koma pakamwa ulibe. Goloboyi wosalankhula amavulaza anzake. Ubwere pa 14, udzandionetse kuti ndalakwitsa." Akochi athu, a Damiano, iwo akuti ndisadzivute. Anandiuza pamaso pa timu yonse kuti, "Iwe unaleredwa ngati mkamwini, mpira wam'tauni sungauthe." Anzanga ena akuti ndidzamwe kakachasu pang'ono ndisanalowe m'bwalo kuti lilime limasuke. Ine sindinamwepo.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti chichitikireni ngoziyo amalume sananenepo kanthu. Ndimawatungira madzi osamba, ndimawathandiza kuvala malaya, iwo amangoti "zikomo" basi. Sindikudziwa ngati andikhululukira kapena akundisungira mumtima. Amayi nawo dzana anandifunsa kuti, "Wavulaza amalume ako, ndiye ukufuna uwathawire ku Lilongwe? Munda alima ndani?"

Kodi munthu wofatsa ngati ine angakhale goloboyi weniweni? Kapena kuti ndipite patsogolo ndiyenera kutaya ulemu umene ndinakula nawo? Ndipite kapena ndikhale?

L.K., Golomoti

Wokondedwa L.K.,

Pepa kwambiri, ndipo amalume ako achire msanga. Koma ndikuuze mosapsatira: bambo wa ku Lilongwe uja sananame. Goloboyi ndiye amaona bwalo lonse, anzake onse amamupatsa msana. Iye akakhala chete, iwo amasewera ngati akhungu.

Kufatsa si vuto lako. Wangosokoneza zinthu ziwiri, kulalatira wamkulu ndi kumuchenjeza. Mutakhala kumunda, iwe n'kuona mphiri pafupi ndi phazi la amalume ako, ungayambe wanjuta kaye? Ungafuule mpaka oyandikana nawo munda amve, ndipo palibe angakutche wamwano. Tsiku lijali ulemu weniweni unali kufuula.

Yamba ndi amalumewo, lero lomwe. Mwezi wathunthu nonse awiri muli duu, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe. Khala nawo pansi uwauze zimene wandiuzazi: kuti unawaona, ndipo unalephera kufuula chifukwa chowaopa. Upepese. Sindikudziwa kuti ayankha chiyani, mwina akwiya kumene. Koma munthu amene wasewera kumbuyo zaka zonsezi ntchito ya goloboyi akuidziwa kuposa ine. Uwapemphe akuloleze kupita, amayi ako ali pomwepo, kuti pasakhale wonena kuti wathawa.

Funso la amayi akolo usalipeputse. Uli ndi masabata awiri. M'mawa uliwonse khasu m'manja, ndipo upemphe anzako a timu akuthandize kuunga mizere. Amalume ako anavulala akutumikira timu yomweyo.

Za dzina, ndani wati ulitchule? Sankha mawu atatu afupiafupi: "Siyani!", "Chotsani!", "Kumbuyo!" Taona, onsewa ndi aulemu kale. Chiyankhulo chathu chimalola munthu kufuula n'kulemekeza nthawi imodzi. Pokonzekera masewero upemphe a Damiano kuti tsiku lililonse azikuponyera makona khumi, ndipo mpira uliwonse umene waugwira usanafuule auwerenge ngati chigoli. Mnzako mmodzi akaime pagolo lakutsidya, azikweza dzanja akakumva. Masiku oyambirira uchita manyazi ndipo ena akuseka. Asiye aseke. Mawu ali ngati mwendo, amalimba ukamawagwiritsa ntchito.

Zimene ananena akochi akozo sindikugwirizana nazo. Mnyamata womvera, wosapsa mtima msanga, woona zinthu asanalankhule, ndi amene kochi wanzeru amamufuna pagolo. Kunja kwa bwalo khala monga unaleredwera. Mphindi 90 zokhazo ndi zimene tikukupempha pakamwa.

Kachasu ayi, ngakhale kapakamwa kamodzi. Angamasule lilime, koma adzakuchedwetsa maso ndi manja, zinthu ziwiri zimene akuitanira ku Lilongweko.

Pa 14 upite. Akakutenga, zikomo. Akakubweza, ubwere uli ndi phunziro, zaka 19 n'zochepa. Koma chenjezo langa ndi ili: tsiku lililonse ukadzaona mpira uli m'mwamba, mnzako akubwera osakuona, iwe n'kumva mawu akukanirira pakhosi, usadzatuluke pagolo. Uime pomwepo, ngakhale mpira ulowe. Chigoli chimabwezedwa, khosi la munthu silibwezedwa.

Aphungu