Nambala ya Malemu Amayi

Mchesi, Lilongwe

Okondedwa achimwene a Jeremiya,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga chifuwa chija chinakusiyani? Ine kuno ndilipo, kungoti mtima sukukhazikika. Ntchito ya m'nyumba ikuyenda, koma abwana akuti masiku ano ndikumapsereza ndiwo. Sakunama.

Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa foni mumayankhira pakhonde pomwe abambo amakhala, ndipo makutu awo akadali akuthwa.

Lamulungu lapitali abambo anandiimbira ali osangalala kuti mabelo awo a fodya agulidwa ku okushoni. Analankhula bwinobwino, mpaka kundiseka kuti ndikunenepera mpunga wa eni. Kenaka anati atumiza kale ya sopo ndi mchere pa foni ya amayi, monga ankachitira fodya akagulidwa. Ndinayesa sindinamve bwino. Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti amayi tinawaika dzinja la chaka chatha. Anati akudziwa, iwo si mwana. Koma anawonjezera kuti amayi ayankha, alemba kuti zikomo.

Nkhaniyi ndinayenda nayo masiku angapo, kenaka ndinalimba mtima n'kuimba nambala ija. Inalira. Anayankha mayi wina wa mawu osasa pang'ono, ngati a amayi akadwala chimfine. Nditafunsa, anati nambalayo anaigula chaka chino ku Mchinji, ndipo pali mkulu wina wachifundo amene amamutumizira kangachepe pafupipafupi, iye ankayesa ndi a mpingo. Atamva kuti ndine ndani, anadula. Mnzanga wandiuza kuti nambala ikakhalitsa osagwira ntchito amaigulitsa kwa wina.

Tsopano ndikukumbukira zinthu zomwe tinkangoziseka. Mnyamata uja Ronald abambo anamulipira kawiri ganyu yomanga chigafa cha fodya. Pa golosale ku Mtunthama anasiya chenji n'kumapita. Awatu ndi abambo omwe aja amene mavenda ankalephera kuwabera pa sikelo. Masamba a fodya akusankhabe bwino, nyimbo za kutchalitchi sakuiwala, koma pa ndalama pokha pachita ngati chifunga. Ndikuopa kuti chifungacho chikhoza kukula.

Pempho langa ndi ili. Ndalama ya fodya isanathe, pitani nawo mukagule feteleza wa dzinja likubwerali, matumba akakhale kwanu. Ikathera ku Mchinji, mvula ikadzagwa tidzathira chiyani? Muwauze kuti mitengo ikwera, amva msanga. Musawakalipire, ndipo musawalande foni pamaso pa anthu, manyazi awo mukuwadziwa. Za kuchipatala tidzakambirana ndikabwera.

Nambalayo muifufute m'foni mwawo akapita kudimba, ngakhale ndikuopa kuti anaisunga pamtima. Ndikudziwa kuti ndikukutumani ntchito yowawa, poti ine m'foni mwanga ndalephera. Ikadalipo, yolembedwa kuti Amayi. Dzulo ndinaimbanso. Sindimafuna kufunsa za ndalama ayi, ndimangofuna ndimve wina akuyankha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Gladness, azakhali a Fainala ndi ana onse. Abambo muwauze kuti ndibwera ndi shuga mwezi ukatha. Zinazi musawauze.

Ndine mlongo wanu,
Tithokoze