Kanjinga ka Pansi pa Tsamba

Lolemba, 3 Malichi

Msonkhano wa anthu opanga mawebusaiti ukufuna olankhula, ofuna atumize nkhani zawo pofika Lachisanu. Ine ndinangowerenga uthengawo n'kuika foni pansi, koma a Njinga sanandisiye. Akuti, "Mwanawe, lemba. Chaka chino ndikufuna ndikakuombere m'manja ndili pampando wakutsogolo." Ndinati ine ndikaima pamaso pa anthu ndimachita chibwibwi. Akuti nawonso ankachita, chinatha chokha.

Kuwakanira n'kovuta. Ntchito yonseyi anandiphunzitsa ndi iwo, kuyambira nthawi ija ndinkaopa ndi kugwira mausi komwe. Timawatchula a Njinga chifukwa webusaiti iliyonse imene apanga amaika kachithunzi ka njinga pansi pa tsamba, m'malo mwa dzina lawo. Ngakhale pa yanga yoyamba, ija ya shopu ya makatani, anakaika pambali pa dzina langa, akuti poti tinapalasa limodzi.

Ndiyesa.

Lachiwiri, 4 Malichi

Mutu wa nkhani sukubwera. Ndalemba "Kufunika kwa webusaiti yabwino," mng'ono wanga wawerenga n'kuyasamula dala. Akuti, "Achemwali, imeneyi ngakhale inu eniake mudzagona muli chiimire." Mwana wamwano, koma sakunama.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndaupeza! "Zimene zimathawitsa anthu pa webusaiti yanu." Komiti ya msonkhano ikufuna masilaidi ochepa achitsanzo, zithunzi zoonetsa polankhula, ndipo ndikudziwa kuti anthu amaseka akaona chinthu chenicheni. Ndasakasaka mpaka ndakumbukira ya sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, imene a Njinga anapanga kalekale. Ili ndi zonse. Zilembo zothamangira uku ndi uku, nyimbo yongoyamba yokha ngati chiwanda, batani lolembetsera lobisala, pa foni umachita kukoka tsamba ndi zala ziwiri.

Mtima unandigunda pang'ono, sindinama. Koma ndaphimba dzina la sukulu, ndaphimba nambala ya foni, ndaphimba nkhope ya mwiniwake. Angadziwe ndani? Pamwamba ndalemba kuti "Chonde abale, tisamatero!" Mng'ono wanga waseka mpaka kugwira m'mimba.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndatumiza. A Njinga anapempha kuti aone kaye, ine ndinati ayi, mukaonera konko. Anaseka n'kundikankhira mpando wawo wozungulira uja, akuti wolankhula wamkulu asakhale pa wothyoka mwendo.

Lachiwiri, 11 Malichi

Anditenga. Ndinakuwa mu ofesi mpaka a pa chipinda chinacho anasuzumira.

Chimwemwe chake sichinafike masana. Komiti yaika pagulu lathu la pa foni mayina a olankhula, aliyense ndi silaidi yake imodzi. Yanga asankha yomwe ija. Anthu anayamba kuseka, ine n'kumadzimva. Kenako wina analemba kuti, "Koma kanjingako tikukadziwa."

Ndinakulitsa chithunzi. Pansi, pakona, kali phee. Ndinaphimba zonse zimene palibe akanazizindikira, n'kusiya chokhacho chimene aliyense pagululi amachidziwa. Ndakhala ndikukaona kanjingako tsiku ndi tsiku mpaka maso anga anasiya kukaona. Mayo ine.

A Njinga alipo pagulupo. Sanalembe kanthu. Anamaliza ntchito yawo, n'kutsanzika, n'kumapita.

Lachitatu, 12 Malichi

Komiti yachotsa chithunzi nditawachonderera, koma chazungulira kale. Wina wajambula kanjingako katagwa chagada.

M'mawa ndinawapatsa moni a Njinga. Anayankha bwinobwino, "Ndadzuka, kaya inu mayi?" Mayi. Chiyambire sananditchulepo choncho. Bola akanandikalipira pamaso pa onse, ndikanalira n'kupepuka.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndinawapeza okha akudikira ketulo iwire, ndipo ndinapepesa. Mawu anatuluka mopiringizika, chibwibwi chija chonse.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Akuti zonse ndinalembazo n'zoona, nyimbo ija mwini sukulu ndiye anachita kuwakakamiza, koma batanilo ndi lawo, palibe wom'namizira. Akuti akanandipatsa okha webusaitiyo, mwinanso ndi ina yoipa kuposa pamenepo, tikanasekera limodzi. "Chandiwawa n'chimodzi. Ndinakupemphani kuti ndione kaye."

Ndinati ndiuza komiti kuti ndasiya. Akuti ayi, mukalankhule, nkhaniyo ndi yabwino ndipo anthu akuifuna. Ndinafunsa ngati adzabwere. Ketulo inathima, anathira madzi m'kapu, n'kunena kuti aona.

Kunyumba mng'ono wanga sanandiseke, zomwe zandiopsa kwambiri. Anangoti, "Koma achemwali, inu mumapanga mawebusaiti. Simukanangopanga yonyansa yanuyanu?" Ndinakhala pabedi nsapato zili kuphazi. Zoona, ndikanaimaliza tiyi asanazizire. Ndinafuna kuti anthu aseke chenicheni, ndiye asekadi.

Loweruka, 15 Malichi

Ndapanga yonyansayo. Sukulu yongopeka, zilembo zofiira pa tsamba lobiriwira, nyimbo ya malipenga. Yatuluka yoipa bwino kwambiri. Munthu woyamba amene ndinafuna kumuonetsa ndi iwo, mpaka ndinatenga foni. Ndinaibweza.

Lolemba, 17 Malichi

Mpando wozungulira ukadali pa desiki yanga. Iwo akukhalira wothyoka uja, aika katoni pansi pa mwendo. Ndinati tisinthane, akuti azolowera.

Masana ndinatsegula ya sukulu yoyendetsa galimoto ija, sindikudziwa kuti ndinkafunamo chiyani. Aikonza. Nyimbo palibe, batani lili poyera, pa foni ikukwana bwinobwino. Ndiye kuti Loweruka ndi Lamlungu anathera pamenepo. Ndinasangalala pang'ono, ndinati mwina apa tiyambiranso. Kenako ndinatsikira pansi pa tsamba. Kanjinga palibe.

Ndinatsegula ya malo ometera tsitsi. Palibe. Ya sukulu ya mkaka, ya ogulitsa matayala, palibe. Pomaliza ndinatsegula ya makatani, yanga ija.

Dzina langa lili lokha.

Ndinatembenuka kuti ndiwayang'ane. Anali atawerama pa kompyuta yawo, akupanga tsamba la kasitomala watsopano, ndipo anali atafika kale pansi pake. Anasiya pali mbee, n'kutseka.